Deti la pa paketi silidziwa kuti magetsi anazima

Tsiku lina m'mawa mu Okutobala 2024, mwezi uja dzuwa limaswa mtengo, ndinathamangira pa kantemba ka pafupi ndi kwathu ku Mtendere mu Lusaka kukagula theka la lita la mkaka wa m'pulasitiki, uja timangoutchula kuti fresh. Mwana wathu wotsiriza sadya phala lopanda mkaka. Ndinayang'ana deti monga ndimachitira nthawi zonse, ndipo panali patatsala masiku asanu. Sipanathe mphindi khumi, amake mwana anali atathira kale mkakawo m'kapoto n'kuteleka pa mbaula. Usanayambe n'kuwira komwe unadukaduka, madzi achikasu kwawo, timibulu toyera kwawo. Nditalawa ndinapeza kuti ukuwawa ngati ndulu, osati kuwawasa kuja kokoma kwa mabisi, mkaka wathu wosasa.

Ndinabwerera nayo paketiyo. Mayi a pa kantemba, amene takhala nawo bwino zaka zambiri, anaitembenuza n'kundilozera manambala.

"Atate, onani nokha, deti likalibe kufika. Ine ndinalandira dzana n'kuika mu firiji nthawi yomweyo."

"Zoona amayi. Koma chiyambire dzanalo, firijiyi yayaka maola angati?"

Sanayankhe, ndipo panalibe chifukwa choti ayankhe, poti tonse tinkagona mumdima umodzi. Chilala cha chaka chimenecho chinali chitaphwetsa nyanja ya Kariba, imene madzi ake amapanga magetsi athu ambiri, ndipo makomboni ambiri a mu Lusaka ankaona magetsi maola atatu kapena anayi pa tsiku, masiku ena osawaona n'komwe.

Mayiwo sananame. Amene anadinda detilo kufakitale nawonso sananame. Koma mkaka unali utawonongeka. Nkhani yanga yagona pamenepa: ambirife timakhulupirira deti ngati kuti ndi mlonda woimirira pa mkaka usana ndi usiku, pamene detilo ndi lonjezo lokhala ndi mawu ena m'munsi mwake, akuti "ngati mkakawu ukhala wozizira nthawi yonseyi". Mumzinda umene kuzizira kumabwera n'kupita ndi magetsi, lonjezo limeneli limasweka tsiku ndi tsiku popanda woona. N'chifukwa chake ndikunena kuti nyumba imene ilibe firiji yodalirika isiye kuona fresh ngati mfumu ya mkaka wonse, ndipo isachitenso manyazi ndi long life, mkaka uja wokhalitsa wa m'katoni, kapena mabisi, zimene ambiri amazinyoza popanda chifukwa.

Tiyambire kukhola. Mkaka ukamatuluka m'bere la ng'ombe yathanzi umakhala waukhondo ndithu, koma umakhala wofunda, pafupifupi madigiri 38, ndipo muli zonse zimene tizilombo tosaoneka ndi maso timakonda: madzi, shuga, mafuta ndi zomanga thupi. Tizilomboto timalowa kuchokera m'manja mwa wokama, pakhungu la mawere, ku fumbi la m'khola, ndipo makamaka kuchokera m'chiwiya chokamira. Pamalo ofunda, mabakiteriya ena amawirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Werengani nokha: kachilombo kamodzi kotere, kakapanda chokasokoneza, pakutha kwa maola 7 kamakhala katasanduka tizilombo toposa 2 miliyoni. Ndipo m'chiwiya chosatsuka bwino simuyambira kamodzi.

Mkaka wongokama kumene uli ndi chitetezo chake chachilengedwe chimene chimabweza tizilomboti kwa maola ochepa chabe. Ichi n'chimene chimadzutsa mlimi wa ku Magoye, ku Monze kapena kuno ku Palabana m'bandakucha, kuti apalase njinga ndi chitini cha mkaka kupita kumalo osonkhanitsira. Kumeneko amauyeza ngati sunathiridwe madzi ndiponso ngati sunayambe kusasa, kenako n'kuuthira m'thanki yoziziritsa kuti utsike kufika pa madigiri 4. Mpikisano wonse wa malonda a mkaka ndi umenewu, kuthawa kutentha. Amene amaumirira kuti alimi azigwiritsa ntchito zitini zachitsulo zakukamwa kwakukulu sachita zimenezi pofuna kudzionetsera. Chigubu chimene munali mafuta ophikira chili ndi kukamwa kochepa, dzanja silingalowe kukatsuka m'makona, ndipo pulasitiki ikakandika, m'timing'alu timeneto mumatsalira mkaka wa dzulo wodikira kuwononga wa lero.

Amene mumagula mkaka wa m'zigubu kwa anyamata oyenda nawo panjinga m'makomboni, sindikukuletsani. Ndi mkaka weniweni ndipo kawirikawiri ndi wotsika mtengo. Koma uwiritseni ukangofika, musadikire madzulo. Mkaka wosawiritsa ungathe kubweretsa chifuwa chachikulu cha ng'ombe, chimene chakhala chikupezeka m'ziweto za m'madambo a Kafue, ndiponso brucellosis, matenda aja amataitsa ng'ombe bere, amene kwa munthu amabwera ngati malungo osamva mankhwala a malungo. Kuno ku Lusaka, poti tili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,280, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 osati 100, komabe kutentha kumeneko n'kokwanira kupha tizilombo ta matenda amenewa. Chimene kuwiritsa sikuchita ndiko kusandutsa mkaka chinthu chosawonongeka. Ukazizira pa mbaula, nthawi yake imayambanso kuwerengedwa.

Nanga fresh wa m'sitolo n'chiyani? Pa paketi pamalembedwa mawu akuti pasteurised, ochokera pa dzina la Louis Pasteur wa ku France, amene m'zaka za m'ma 1860 anaonetsa kuti kutenthetsa vinyo pang'ono, osamuwiritsa, kumamuteteza kuti asawonongeke. Mu 1886 katswiri wina, Franz von Soxhlet, analimbikitsa kuti mkaka wa makanda nawonso uzitenthedwa. Masiku ano mafakitale ambiri amatenthetsa mkaka pa madigiri 72 kwa masekondi 15, kenako n'kuuziziritsa mwamsanga. Ena ang'onoang'ono amatsata njira yakale ya madigiri 63 kwa mphindi 30. Cholinga chake ndi chimodzi: kupha tizilombo toyambitsa matenda popanda kusintha kakomedwe. Cholinga sichinakhalepo kupha zonse. Pali mabakiteriya ena amene zinthu zikavuta amadzitsekera m'chikhokho cholimba ngati njere yodikira mvula, ndipo madigiri 72 sawachita kanthu. Palinso ena amene amalowa pambuyo pake, kuchokera m'mapaipi ndi makina odzazira. Onsewa amakhala m'paketi imene mwagula. Chimene chimawagwira ndi kuzizira kokha.

Apa m'pamene pali yankho la kuwawa kuja ndinalawa. Mkaka wa kumudzi ukasiyidwa, tizilombo timene timapambana ndi tija timadya shuga wa mumkaka n'kutulutsa asidi, ndiye umasasa bwinobwino n'kukhala mabisi. Koma tizilombo tosasitsato ndi tofooka pamoto, tambiri mwa ito timafa kufakitale. Otsala ndi aja odya zomanga thupi ndi mafuta, amene amasiya kuwawa, fungo loipa, nthawi zina kuundana popanda kuwawasa kulikonse. Ndamvapo amayi ena akunena kuti, "Fresh akaonongeka musataye, musiyeni akhale mabisi." Malangizo amenewa ndimawakana ndi mtima wonse. Mkaka umenewo sukusasa, ukuwola. Mmodzi mwa mabakiteriya opulumuka pamoto, Bacillus cereus, amasanzitsa ndiponso amatsegula m'mimba, ndipo amene amavutika kwambiri ndi mwana wamng'ono amene mwamuthirira pa phala.

Fresh akasungidwa pa madigiri 4 kapena kutsikirapo osadukiza, amatha sabata imodzi, mwina kuyandikira ziwiri. Anthu a m'mafakitale ali ndi kawerengedwe kawo kakuti kutentha kukangokwera ndi madigiri atatu okha, masiku amenewa amadulidwa pafupifupi ndi theka. Akatswiri a ukhondo wa zakudya amalangiza kuti mkaka wotere usakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala, ola limodzi. Amanenanso kuti firiji yozimidwa imasunga kuzizira kwake maola pafupifupi anayi, ngati chitseko sichikutsegulidwa. Tsono taganizirani firiji ya pa kantemba, imene imatsegulidwa mwana aliyense akabwera kudzagula chakumwa. Taganizirani maola 18 kapena 20 opanda magetsi. Ndiye magetsi amabwera pakati pa usiku, firiji n'kuyamba kulira, ndipo pofika m'mawa paketi yazizira bwinobwino. Wogula amaigwira, dzanja limamuuza kuti zili bwino. Amayang'ana deti, nalonso limamuuza kuti zili bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuzizira sikupha tizilombo, kumangotigoneka, ndipo timene tinaswana masana a dzulo tonse timakhala tili momwemo.

Kuwala nakonso kumadya mkaka, ngakhale mwa njira ina. Botolo loonekera m'kati likakhala padzuwa kapena pansi pa magetsi owala a m'sitolo kwa maola angapo, vitamini B2 amawonongeka ndipo mkaka umayamba kukoma ngati katoni yonyowa. Chotengera cha mkaka si chovala chongokongoletsa.

Tsopano za long life, amene mawu ake pa katoni ndi UHT. Ndamva nkhani yake m'basi ya ku Chawama, pa maliro, ngakhale pakhomo pa tchalitchi, ndipo imatha mofanana: "Mkaka weniweni ungakhale bwanji miyezi osawonongeka? Amathiramo mankhwala." Funsoli ndi lanzeru. Munthu amene anakulira pafupi ndi khola, amene amadziwa kuti mkaka wa m'mawa sufika mawa lake, ayenera kudabwa ndithu. Koma yankho lake si mankhwala. Mkaka umenewu amautenthetsa pa madigiri 135 kapena kuposerapo kwa masekondi ochepa chabe, m'mapaipi otsekedwa, ndipo kutentha kotere kumapha ngakhale aja odzitsekera m'zikhokho. Ukatero amauziziritsa n'kuuthira m'katoni imene nayonso yaphedwa tizilombo, m'makina osalowa mpweya wakunja. M'katimo mukakhala mopanda chamoyo, ndipo pakhomo pakatsekedwa, palibe chowononga mkakawo. Zili ngati nyama ya m'chitini imene imakhala pa shelefu chaka chathunthu.

Theka la chinsinsi lili m'katoniyo. Mukamaliza mkaka muidule ndi mpeni muone. Kunja kuli pulasitiki yopyapyala yotchinga chinyezi, kenako pepala lolimba, kenako kachitsulo ka aluminiyamu kopyapyala kuposa tsitsi, kamene kamatsekereza kuwala ndi mpweya, ndipo m'kati mulinso pulasitiki. Kampani ya Tetra Pak, imene Ruben Rausing anayambitsa ku Lund m'dziko la Sweden mu 1951, ndi imene inafalitsa njira imeneyi kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Katoni yotere ikakhala yosatsegula, mkaka umatha miyezi 6 kapena kuposerapo popanda firiji. Kulinso long life wa m'mapaketi a pulasitiki yokhuthala yamitundu ingapo yophatikiza, ina yakuda m'kati, amene masiku ake ndi ochepa poyerekeza ndi wa m'katoni ya aluminiyamu. Choopsa n'chakuti paketi yotere imafanana ndi ya fresh kwa munthu wongoyang'ana mothamanga, pamene imodzi imafuna firiji, inayo ayi.

Amene mukukayikabe za mankhwala, yesani izi. Tsegulani katoni ya long life, thirani m'kapu, siyani patebulo masiku awiri mu Okutobala. Mudzapeza utawonongeka ngati mkaka wina uliwonse. Mukanakhala mankhwala oletsa kuwola, bwenzi akugwirabe ntchito katoni itatsegulidwa. Ndipo apa pali cholakwa chimene ndachiona m'nyumba zambiri, kuphatikiza za abale anga. Munthu amagula lita yathunthu poti wamva kuti ndi long life, amadula kakona, n'kumathira mu tiyi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu katoni ili pakabati. Dzina lija linathera pa mpeni umene unadula kakona. Kuyambira pamenepo mkakawo ndi wofanana ndi fresh: mu firiji yoyaka ungathe masiku atatu kapena anayi, kunja kwa firiji ndi wa tsiku lomwelo. Nyumba yopanda firiji igule kakatoni kakang'ono kamene kangathe pa tiyi mmodzi. Katoni yotupa, yodontha kapena yophwanyika m'makona isiyeni, chifukwa mwalowa kanthu. Nayo katoni imene yakhala milungu ikuphikidwa pansi pa malata a kantemba sifika bwino pa deti lake: mkaka umafiirira ndipo kakomedwe kamasintha.

Sindikubisa kuti pali zodandaula zenizeni. Choyamba ndi kakomedwe. Long life amamveka kafungo ka mkaka wophika, chifukwa kutentha kuja kumasintha zina mwa zomanga thupi za m'madzi a mkaka. Amene amamwa mkaka wokhawokha m'kapu amasiyanitsa, ndipo ali ndi ufulu wokonda fresh. Koma ambirife mkaka wathu umathera mu tiyi wotentha ndi m'phala, ndipo fresh yemweyo timayamba tamuwiritsa pa mbaula, nthawi zina mpaka kusefukira. Za thanzi, zomanga thupi ndi kashiamu wolimbitsa mafupa zimakhalabe momwemo. Mavitamini ena amachepako pang'ono, monganso amachepera tikamawiritsa tokha kunyumba. Mwana amene wamwa long life sanamanidwe kanthu kenikeni.

Chachiwiri ndi mtengo, ndipo ichi chimandipweteka. Katoni ya aluminiyamu ndi yodula kupanga, ndipo ukagula kakang'ono umalipira zambiri pa lita kuposa wogula yaikulu. Ndi nkhani yomwe ija ya pamela, ufa uja wopimidwa m'timapepala ting'onoting'ono: wosauka amene amagula pang'onopang'ono ndi amene amalipira kwambiri. Sindinganene kuti vutoli palibe. Ndingonena kuti pa masamu a nyumba tiziwerengeranso mapaketi a fresh amene tinataya, malasha amene tinawononga powiritsa mkaka kawiri pa tsiku kuti ufike mawa, ndi ndalama ya kuchipatala mwana akatsegula m'mimba.

Chachitatu ndi mlimi. Ena amati kulimbikitsa long life n'kupha mlimi wa m'dziko muno, poti makatoni ambiri amachokera kunja. N'zoona kuti m'masitolo akuluakulu muli makatoni ochokera ku South Africa, ndipo n'zoonanso kuti padziko lapansi long life wina amapangidwa posungunula mkaka wa ufa. Koma UHT ndi njira yokonzera mkaka, si dziko. Kampani ya Finta ya ku Livingstone yakhala ikupanga long life kwa zaka zambiri m'dziko momwe muno. Ndipo ndikaganizira mlimi, ndimaona kuti njira imeneyi ndi bwenzi lake. M'nyengo ya mvula msipu ukachuluka, ng'ombe zimatulutsa mkaka wambiri kuposa umene msika ungamwe m'sabata imodzi. M'chilimwe mawere amauma. Fresh sangadikire kuchoka mu Febuluwale kufika mu Ogasiti, koma long life angathe. Komanso fakitale ya UHT imafuna mkaka wabwino kwambiri kuchokera kwa mlimi, chifukwa mabakiteriya ena akachuluka mumkaka usanatenthedwe amasiyamo timadzi tawo togaya chakudya, timene sitifa ndi moto, ndipo pakapita miyezi timaunditsa mkaka m'katoni n'kuuwawitsa. Ndiye amene akufuna kuthandiza mlimi amenyere nkhondo mathanki oziziritsa oyendera dzuwa kumalo osonkhanitsira mkaka, kuti ngakhale wa madzulo, umene alimi ambiri akutali amalephera kugulitsa, uzifika kumsika. Wogula nayenso atembenuze katoni aone kumene inapangidwa.

Koma njira imene ndimaimvera chisoni kwambiri ndi yathu yomwe. Ambuya anga ku Katete analibe firiji, ndipo sanaidziwe mpaka kumwalira kwawo, komabe sindikumbukira mkaka utatayidwa pakhomo pawo. Unkalowa m'chipanda chimene chinali ndi ntchito imeneyo yokha, n'kukhala tsiku limodzi kapena awiri pamthunzi, kenako tinkadyera nsima kapena mbatata. Abale athu a ku Malawi amati chambiko, kuno tinatengera dzina la anzathu Atonga lakuti mabisi. Chimene chimachitika m'chipanda ndi sayansi yeniyeni. Mkaka watsopano pa muyezo wa asidi wotchedwa pH umakhala pafupifupi 6.7. Tizilombo tosasitsa tikagwira ntchito yake umatsika kufika cha pa 4.5 kapena kutsikirapo, ndipo m'kuwawasa koteroko tizilombo tambiri towoletsa ndi toyambitsa matenda timalephera kuswana. N'chifukwa chake mabisi amapirira masiku angapo pamene fresh sapirira tsiku. Akatswiri a pa University of Zambia pamodzi ndi anzawo a ku Wageningen m'dziko la Netherlands akhala akufufuza mabisi kwa zaka zingapo, kulemba njira zosiyanasiyana zimene anthu amapangira m'zigawo za dziko lino. Anthu ophunzira akuwerama pa chipanda cha ambuya, pamene ife a m'tauni tikumauza ana kuti ndi chakudya cha kumudzi. Zimenezi zimandikhumudwitsa.

Mabisi nawo ali ndi malire ake, ndipo ndingakhale wonama nditawabisa. Kuwawasa sikupha zonse. Tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi ta brucellosis tingathe kupulumuka kwa nthawi m'mkaka wosasa wopangidwa ndi mkaka wosawiritsa. Njira yabwino kwa ife a m'tauni, amene sitidziwa ng'ombe imene yakamidwa, ndi iyi: wiritsani mkaka uli wabwinobwino, usiyeni uzizire mpaka ukhale wofunda ngati thupi, thiranimo masipuni angapo a mabisi abwino, kaya a m'sitolo kaya a dzana, vindikirani m'chiwiya choyera, ndipo mawa kapena mkuja mudya. Kusiyana kwake ndi zija ndakana pamwambapa n'kwakuti apa mwasankha nokha tizilombo toti tilamulire mkakawo usanawonongeke, simunadikire kuti uwole kenako n'kuupatsa dzina la mabisi.

Za mkaka wa ufa sindichulutsa. Umakhalitsa chifukwa madzi anachotsedwamo, otsala safika magawo 5 pa 100 alionse, ndipo popanda madzi tizilombo sitiswana. M'chitini chosatsegula ungathe chaka kapena kuposa. Adani ake ndi chinyezi ndi mpweya, ndiye uja wopimidwa m'timapepala tomangamanga pamsika, wopanda dzina kapena deti, m'dzinja umachita zibuma ndipo mafuta ake amayamba kununkha. Ukasungunulidwa umabwerera kukhala mkaka wa maola ochepa, ndipo ukhondo wake ndi wa madzi amene mwasungunulira. Amene tinaona kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, mpaka bwalo la National Heroes Stadium kusanduka chipatala, sitifunika kukumbutsidwa kuti madziwo aziwiritsidwa. Ndiwonjezere kuti ufa woyera wothira mu khofi, uja timangouti creamer, si mkaka ayi, ndi mafuta a zomera ndi shuga. Nawo mkaka wotsekemera wa m'chitini umakhalitsa chifukwa magawo oposa 40 pa 100 ndi shuga. Zonse ziwirizi si chakudya cholerera mwana.

Sindikufuna kuti katundu yense asenzedwe ndi mayi wogula. Dziko lino lili ndi lamulo la ukhondo wa zakudya, Food Safety Act la 2019, ndipo timaona oyendera masitolo akulanda katundu wopitirira deti. Ntchitoyo ndi yabwino, koma pa nkhani ya fresh kuyang'ana deti lokha n'kufunsa mboni imene inalibepo. Woyendera azinyamula kachipangizo koyezera kutentha, aziika m'firiji, azifunsa kuti magetsi akazima mkaka umasungidwa bwanji. Makampani amene amabweretsa fresh m'galimoto zozizira n'kumutsitsa pa kantemba kamene firiji yake yakhala chete chiyambire m'mawa akudziwa chimene chidzachitike. Asamangoti udindo wawo unathera pa chitseko cha galimoto, poti dzina limene lili pa paketi ndi lawo.

Ndipo mawu ofunika kwambiri pa paketi, onena za kuzizira ndi za masiku otsala ukatsegula, n'chifukwa chiyani amalembedwa m'Chingerezi chokha, m'timalemba tofuna magalasi? Dziko lino limaulutsa nkhani pa wailesi m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Pa katoni pali malo ojambulapo ng'ombe yomwetulira ndi udzu wobiriwira. Malo sangasowe a mzere umodzi wa zilembo zikuluzikulu wakuti, "Mukatsegula, malizani lero ngati mulibe firiji." Pa paketi ya fresh palembedwe kuti, "Mkaka uwu ukafunda, deti silikugwiranso ntchito." Mzere umenewo ungapulumutse ana ambiri kuposa chithunzi cha ng'ombe.

Mayi a pa kantemba aja anandibwezera ndalama yanga popanda mkangano. Kenako, ine ndikuona, anatulutsa mapaketi ena onse amene anatsala m'firiji, anadula imodzi, ananunkhiza, n'kuwaika pambali onsewo. Mpamba wawo unapita pamenepo, ndipo palibe amene anawabwezera. Chiyambire nthawi imeneyo amaoda fresh wochepa, wongokwana makasitomala a m'mawa, ndipo pa shelefu anawonjezera timakatoni ting'onoting'ono ndi mabisi. Masiku ena ndikafika n'kuloza firiji, amapukusa mutu ndisanatulutse n'ndalama zomwe.

"Atate, lero tengani ka long life. Magetsi anapita usiku, sanabwerebe."